Za mamati aja, msuweni

Halo... eya, ikujambula. Mwaswera bwanji nonse m'gulumu? Msuweni, uthenga wako ndauona kum'mawa, kungoti manja anali ndi ntchito. Wafunsa kuti pa mamati a siponji olumikizana aja ugule a masentimita 2 kapena a 4, oti ana ako a karate aziphunzirirapo mu holo ya kutchalitchi. Koma iwenso, nambala yanga uli nayo, nkudzafunsira pagulu la abale onse! Ine ndimakudziwa kuyambira uli wosavala. Umafuna amayi ako amve, eti? Chabwino, ndiyankhira pompano kuti nawonso amve.

Dikira kaye. Ukuwakumbuka malume nthawi imene ankakhala ku Lifuwu? Osati a ku Chipoka, aakulu aja. Iwe unali kamwana, unkangotinyamulira madzi m'chigubu. Iwo aja akachoka koonera vidiyo ku Senga Bay ankabwera magazi atatentha, nkutisonkhanitsa anyamata tonse pansi pa mango. Mamati tikanawapeza kuti nthawi imeneyo? Anapita kuchigayo cha mpunga kukapempha mankhusu, nkudzaza matumba a feteleza khumi ndi awiri... ayi, ndanama, anali khumi ndi anayi, awiri aja anali a agogo, ndiye mlandu uja unayambira pamenepo, mukuudziwa nonse. Anasoka pakamwa ndi khonje, kuwayala, pamwamba nkufunditsa tenti ya lole.

Masabata awiri oyamba sanatiphunzitse chibakera ngakhale chimodzi. Kugwa basi. Chibwano pachifuwa, dzanja limenye pansi, mutu usagunde. Ajapani amati ukemi, koma malume ankangokuwa kuti igwa bwino, dzuka, igwanso. Ife kudandaula kuti tinabwerera kumenya, iwo osamva. Madzulo tinkapita kunyanja kukatsuka kuyabwa kwa mankhusu, thupi lonse lili tuu.

Ndiye tsiku limene anavulala phewa lija... mm. Anthu amati inawapweteka ndi karate. Ayi. Ine ndinali pompo. Mankhusu ukamawapondaponda amaphwa, matumba aja anatayana pang'onopang'ono kunsi kwa tenti, pakati nkutsala mpata woti diso silingaone. Phewa linakapeza dothi louma la mu Okutobala, lolimba ngati simenti. Sanalire. Anangokhala pansi, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana tenti ija. Mpaka lero mukawaona akuvala malaya, amayamba ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. Amayi ako ndi amene anawamanga ndi chitenje tsiku limenelo, ndiye usadabwe akamangoti chete ukatchula nkhaniyi.

Eya, za mamati. A masentimita 2 amakwana ngati ndi kata, mayendedwe oloweza aja ochita munthu payekha, ndi makiki okha, phazi limaima bwino. Koma holo ija pansi ndi simenti, ndipo ana ndi ana, ukangotembenuka agwetsana kale. Tenga a 4. Matiresi ogonera usayese, phazi limamira, kakolo nkupotokola. Ukafika m'sitolo ku Lilongwe, ponda limodzi ndi chidendene mwamphamvu. Likabwerera msanga ndi labwino, ukamva simenti kunsi lisiye. Ugule onse malo amodzi, tsiku limodzi, chifukwa mano ake olumikizira amasiyana, a fakitale ina sagwirana bwino ndi a ina, ndiye mpata uja wa malume wabweranso. Komanso ndi kutentha kwathu kwa Salima kuno amafufuma, usawakanikize kukhoma, siya kampata ka zala ziwiri kapena zitatu. Padzuwa osayanika. Nsapato zizitsala pakhomo, ndipo muzipukuta ndi sopo, apo ayi ana apatsirana zipere.

Koma msuweni, tandimvera. Sindikukhulupirira kuti masentimita ndi amene akukusowetsa tulo. Unawerengera holo yonse, unaona ndalama sizikwana, ndiye ukufuna wina akuuze kuti gula opyapyala udzaze paliponse, kapena akuuze kuti zisiye. Ndipo ukuopa tsiku loti kholo lidzabwere pakhomo litanyamula mwana wovulala. Ndikunama? Ine sindikuuza zonse ziwirizo. Yamba, koma yamba ndi malo ochepa olimba. Limodzi limakhala mita imodzi mbali zonse. Bwalo la mpikisano wa karate ndi mamita 8 mbali zonse, amenewo ndi mamati 64, iwe ukuwafunira chiyani panopa? Gula 16, anayi uku anayi uku. Ana anayi akwere, ena aime pambali akuchita kata pasimenti, kenako asinthane.

Ndikubwereza, chifukwa iwe voisi umamvera uku ukuyendetsa njinga. Ochepa koma okhuthala, ogwirana bwino mano. Ena udzawonjezera ukagulitsa mpunga, bola usunge dzina la mtundu wake ndi kachidutswa ka m'mphepete kokayesera.

Azakhali, ndikudziwa mukumvera. Mwanayu musamuletse. Chimene chinapweteka achimwene anu chinali mpata, ndipo uyu tamuuza motsekera. Ayambe ndi 16 a masentimita 4, masabata oyamba ana azingophunzira kugwa monga tinkachitira ife. Mukafuna mudzabwere mudzaponde nokha.

Msuweni, yeza holoyo ndi tepi, osati ndi mapazi akowo, unditumizire. Ndipo tsiku loyamba ukawatenge malume, uwaikire mpando pakhomo pomwe pamapita mphepo. Foni ikutha moto, tilankhulana madzulo.