Sisi mukufuna kumayendera magalimoto pamsewu, tamvani za pa Linthipe

Eeeh sisi, mwafunsa mugulu muno za kukhala makanika woyendera magalimoto ofera pamsewu, zida zoyambira komanso ngati mutenge mnyamata wokuthandizani, mwandikumbutsa zinthu, mtima wayambanso kuthamanga. Kusiya galaja n'kumapita ndi chikwama cha masipanala komwe galimoto yafera ndi bho, ine chaka chachinayi chino, koma asakunamizeni kuti chovuta ndi injini. Injini ilibe pakamwa. Eni akewo ndiye nkhani.

Inali nthawi ija mafuta ankasowa mu 2023, anthu akugona pa mzere, ena akungothira petulo wa m'zigubu osadziwa kuti muli chani. Foni kulira cha m'ma 4 madzulo, bambo wina Vitz yamuthimira pa Linthipe akuchokera ku Dedza. Nambala anapatsidwa ndi kasitomala wanga, ndiye atamva mawu achizimayi akuti "tawapatsani foni amuna anuwo". Ndinati bwana makanika wake ndi ineyo, tapotokolani kiyi, mukumva kung'ung'udza kumbuyoko? Ati kuli zii. Starter ikuzunguza bwinobwino koma osagwira. Ndinadziwiratu kuti pampu ya mafuta ndi imeneyo.

Kupusa kwanga kunayambira pamenepo. Anati mugule, ndidzakubwezerani mukafika. Ine thamangathamanga ku Biwi asanatseke, kutenga ndalama ya lendi, ndipo paja kwacha inali itangogwa ndi 44% mu November momwemo, masipeya mitengo yake ngati akukutukwana. Kukwera minibasi yoima paliponse, kufika kutada.

Ndinawapeza awiri, iye ndi mnzake, mabotolo ali pa boneti. Funso loyamba: "amakanika atsalira kuti?" Ine ndavala ovolosi, chikwama chikundithyola phewa, mxii. Sindinayankhe. Ndinayamba kuona fyuzi ndi relay chifukwa sutsegula thanki usanaone zimenezo, zonse zili bwino. Basi kuchotsa waya wa batire, kuzula mpando wakumbuyo, kutsegula chivindikiro, foni ndaluma pakamwa ngati tochi chifukwa palibe anaganiza zondiunikira. Fungo la petulo ladzaza m'galimoto monse, kutembenuka chonchi mnzake uja wayatsa fodya ataima pachitseko penipeni!! Amayi inu ndinakuwa mpaka foni kugwera pansi, ndinati mukufuna tipsere limodzi kapena? Iye kuseka, ati "sisiyu ndi waukali eti, kunyumba amuna ake amapuma?" Mpaka lero ndikamva fungo la fodya ndili pantchito manja amanjenjemera.

Kutulutsa pampu, kasefa kake kakuda bii, matope okhaokha ndi timadzi. Mwini galimoto ndinamuonetsa ndithu, ndinamuuzanso kuti kuyenda thanki ili pansi tsiku ndi tsiku kumapha pampu chifukwa petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa. Kuika yatsopano, kubwezera zonse, kiyi kamodzi kokha Vitz inalira. Mukudziwa kukoma kwake kuja, mtima umachita kuti myaa. Sikunathe ndi mphindi ziwiri zomwe.

Bambo aja nkhope kusintha. Ati pampu yanga inali bwino, mwangogwedeza mawaya, kantchito ngati kameneka mwana wa sitandade 8 angapange. Ine yakale ija ili m'manja mwanga akuiona. Kenako mawu kutsitsa, ati ndalama zili mtauni, kwerani tikaime kaye penapake musambe mupumule tikambirane bwino, dzanja lafika kale pa zipi ya ovolosi. Sindikudziwa kuti wheel spanner inabwera bwanji m'manja mwangamu. Ndinangoti bwana bwererani kumbuyo. Anaponya K5,000 pansi, "kahule kodzimva", kukwera, ulendo. Ndi pampu yanga, ndi lendi yanga, 9 koloko usiku pa M1, mathiraki akungodutsa kundiwaza fumbi.

Anandisunga ndi mayi wina wogulitsa tomato pamsewu pomwepo, anali akulongedza, anaona zonse. Ndinagona pa mphasa ndi ana ake, m'mawa anandipatsa madzi otentha ndi mbatata, wokana ngakhale K1,000. Koma chinandipweteka kuposa zonse ndi kasitomala uja anapereka nambala yanga, nditamuimbira akuti "inunso mukanapita ndi mwamuna". Anyamata a ku galaja yanga yakale atamva ndiye kunali kuseka, ati tinkanena ife kuti msewu si wa akazi, iwo omwewo ankandibisira masipanala ndili wophunzira, ankandituma nsima ndi kusesa basi miyezi yambirimbiri ndisanaloledwe kugwira gearbox. Bambo wa Vitz uja anandibuloka tsiku lomwelo. Mulungu akuona, ndipo mwina ali mugulu lomwe lino akuwerenga, moni bwana.

Ndiye sisi, musatuluke m'nyumba ndalama ya transport ndi ya sipeya isanalowe pa Airtel Money kapena Mpamba, kaya akulira bwanji. Mukafika jambulani nambala ya galimoto mutumize kwa achimwene anu, location ya WhatsApp ikhale yoyatsa. Mukamaliza muilize nokha, muzimitse, kiyi m'thumba la ovolosi mpaka meseji ya ndalama ilire. Usiku musapite. Ngakhale kunena zoona sabata yatha ndinali ku Nathenje 10 koloko usiku ndikusintha fan belt, poti za usiku ndi zomwe zimalipira bwino, munthu akakhala pamdima ndi ana m'galimoto sanenerera mtengo kkkk, ndiye kaya muona nokha.

Za kutenga mnyamata, mutengeni, ine ndili naye wonyamula jeke. Koma konzekani kupsa mtima chifukwa kasitomala azifotokozera iyeyo vuto la galimoto, mwana wosasiyanitsa pulagi ndi fyuzi, inu mutaima pomwepo. Nthawi zina ndimamusiya dala kunyumba chifukwa cha zomwezo.

Zida musayambe ndi zambiri, kamakina ka OBD2 kowerengera vuto pa kompyuta ya galimoto, multimeter yoyezera magetsi, majampa, jeke ndi ma stand ake, osalowa pansi pa galimoto ili pa jeke yokha chonde. Masoketi 10, 12, 14 ndi 17 ndi omwe amadya ma Toyota athuwa, 10 mugule atatu amasowa ngati ali ndi miyendo. Pepala la TEVETA la maphunziro a umakanika lisungeni, pamsewu palibe anandifunsapo koma makampani amalifuna. Azimayi anzathu ndi amene angakudyetseni, amauzana okhaokha kuti kuli makanika wamkazi sabera, ngakhale winanso ali nane ngongole ya mabuleki kuyambira January.

Pampu yakale ija ndikadali nayo, ili pa windo. Vitz yasiliva iliyonse ikandidutsa mtauni ndimayang'anabe nambala.