Kwa mlongo wa ku Katete wofunsa za AR ndi khansa ya chikhodzodzo

Mlongo wina wa ku Katete wanditumizira imelo, atate ake awapeza ndi khansa ya chikhodzodzo, iye wawerenga pa intaneti za androgen receptor, AR, ndiye akufunsa ngati asake ndalama zokayezetsa AR m'chotupa cha atate kuti adziwe ngati atate adzachira.

Mlongo, AR ndi puloteni wa m'maselo amene amalandira mahomoni achimuna monga testosterone. Ofufuza anayamba kumukayikira poona kuti khansa imeneyi imagwira amuna katatu kapena kanayi kuposa akazi. Koma zomwe apeza sizigwirizana, ena anaona AR wochepa m'zotupa zoopsa kwambiri, ena sanaone kusiyana, nchifukwa chake madokotala samudalira polosera za wodwala. Ku khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, inde, mankhwala otseka mahomoni ndi chithandizo chodziwika, koma chikhodzodzo ndi nkhani ina.

Funso lanu landikhudza chifukwa cha amalume anga. Anakulira kumudzi cha ku Petauke, kusamba kudambo, kuwedza, ndipo anayamba kukodza magazi ali kamnyamata, akuluakulu nkumati ndiko kukula kwa mwamuna. Linali likodzo! Atakula magazi anabweranso, kukiliniki ina ankangowapatsa mapiritsi nkuwabweza kunyumba, miyezi ikupita, mpaka pofika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka chotupa chinali chitalowa kale mumnofu wa chikhodzodzo. Unali mtundu wa squamous cell, womwe umabwera ndi likodzo la zaka zambiri, pomwe kafukufuku wochuluka wa AR ndi wa mtundu wa urothelial, umene fodya ndiye amauyambitsa kwambiri. Zimandipweteka zedi, tizirombo tochokera mu nkhono tikuwononga anthu athu pomwe mankhwala a likodzo, praziquantel, alipo. Mwana wokodza magazi ndi wodwala basi, tisiye zomunamiza. Amayi ndiye pena nkhani imaipiratu, magazi amawayesa a kumwezi kapena matenda wamba a mkodzo, khansa nkudzapezeka mochedwa. Nanga fodya tikulima tokhayu, ena nkumapichira wosuta?

Zoti muchite

Ndalamazo sungani za thiransipoti ya ku Lusaka ndi chakudya cha wodwazika. Kafunseni adokotala kuti khansayo ndi mtundu wanji, grade yake, kapena kuti ukali wa maselo ake, ndi yotani, yalowa mumnofu kapena ayi, ndipo yafalikira kwina kapena ayi. Chithandizo cha atate chidzadalira zimenezo. Ngati amasuta asiye lero, ndipo tsiku la cystoscopy, kuunika mkati mwa chikhodzodzo ndi kakamera, asaliphonye.