Mpini wa injini ukulimba pa Chilwa

Funso: Bambo makaniko, ndimayendetsa boti la abwana anga, lonyamula anthu kuchoka pa Kachulu kupita ku Chisi. Injini yake ndi Yamaha 15. Mwezi wachiwiri uno mpini wowongolera ukulimba, moti m'mawa ndimachita kukankha ndi manja awiri. Ndikakhota mothamanga, injini yonse imagwedera. Mnzanga akuti ndithirepo oyilo wakale. Kodi zithandiza? Woyendetsa boti, Kachulu.

Yankho: Achimwene, oyilo wakudayo musiyeni. Madzi amamutsuka tsiku lomwelo, ndipo mungoipitsa nyanja yotipatsa matemba.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi mchere. Mcherewo pamodzi ndi matope zimalowa pachitsulo chomwe injini imazungulirapo, girisi n'kuuma gwa ngati sopo wokhalitsa. Pamalopo pali timitu tolowetsera girisi. Tipukuteni, kenaka mupope girisi wosasungunuka m'madzi uku mukuyendetsa mpini uku ndi uku, mpaka wakale wakuda uja atayamba kutuluka m'mphepete. Opanga injini amati muzitero pakatha maola 100 aliwonse, koma pa Chilwa ine ndimati mwezi ndi mwezi. Onaninso bawuti yolimbitsira mpini, pena wina anangoimanga mopitirira.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanuyi ndi kugwederako. Kawirikawiri vuto limakhala pathabwa lakumbuyo pomwe injini imakhala. Madzi atabwerera pambuyo pa kuphwa kwa 2018, anandiitana kukaona boti lomwe linakhala miyezi pamatope, dzuwa likuliwomba. Zomangira ziwiri zomwe zimapana injini kuthabwalo zinali zothina bwinobwino, mwini wake akulumbira kuti zonse zili m'malo. Nditabaya thabwalo ndi msomali, unalowa ngati m'papaya lakupsa. Mtima unandigunda, chifukwa dzulo lake botilo linali litanyamula amayi ndi ana. Thabwa lotere, mukakhota pamafunde a mwera, injini imalumpha n'kukusiyani ndi nkhafi pakati pa nyanja.

Ndiye mawa m'mawa, musanalize injini, igwireni kumwendo, mbali yolowa m'madzi ija, muigwedeze. Ikasuntha pathabwa, mangani zomangirazo ndi manja basi, osati ndi sipanala. Ngati zikungomira m'thabwa, auzeni abwana anu mosapita m'mbali kuti simunyamula munthu mpaka mmisiri atasintha thabwalo. Pomwepo suzumiraninso pulopela, nayo ikapindika kapena kukola ulusi wa ukonde imagwedeza mpini.

Injini izikhala yomangirira ku boti ndi chingwe cholimba. Ndipo kachingwe kofiira kozimitsira injini kaja, kamene ambiri pa Kachulu mumangokakulunga pampini, kazikhala padzanja lanu kuyambira ponyamuka mpaka mutakocheza ku Chisi.