Kabotolo ka anti-UBC9 sikakwera basi

Achimwene, mwati wophunzira wina wa ku labu ku Blantyre wakupemphani kuti ulendo uno mukamugulire "anti-UBC9" ku Johannesburg, ndipo mukufunsa ngati mungangoiponya m'chikwama cha nsapato ndi zodzoladzola. Musayerekeze n'komwe. Inenso ndinayambira pa zovala, koma katundu uyu ali ndi khalidwe lake.

Mudziwe kaye chimene mukunyamula. M'maselo athu muli kapuloteni kotchedwa SUMO, kamene kamamatidwa pa mapuloteni ena kuti asinthe ntchito kapena malo okhala. Mapuloteni awiri ogwira ntchito pamodzi, SAE1 ndi SAE2, ndiwo amakadzutsa, n'kukapatsira puloteni ina yotchedwa UBC9, imene imakamata pamene kakufunika. Pa sitepe yachiwiriyi palibenso wina, UBC9 ali yekha, n'chifukwa chake ofufuza za khansa ndi mavairasi amamulondalonda. Anti-UBC9 ndi antibody, puloteni yogwira UBC9: ili ngati galu wosaka amene anazolowera fungo limodzi. Nthawi zambiri amaipanga kudzera mwa kalulu kapena mbewa, ndipo pa western blot, njira ya mu labu yoonera mapuloteni, imaonetsa kamzere pa 18 kDa (kulemera kwa puloteniyo) ngati UBC9 alipo. Kabotolo kake n'kochepa kuposa chala chaching'ono, nthawi zambiri ma microlitre 100 basi, koma mtengo wake ungakuguleni katoni ya nsapato.

Musagule ndi dzina lokha. Muuzeni wophunzirayo akupatseni nambala ya mu catalogue, dzina la kampani, kaya ndi Abcam ya ku Cambridge kapena Cell Signaling Technology ya ku Massachusetts, ndiponso anene ngati akufuna ya kalulu kapena ya mbewa. Nkhani ya nyamayi si yocheza: antibody yachiwiri imene ali nayo m'firiji, yogwira yoyambayi kuti ioneke, iyenera kugwirizana nayo. Ine ndinabweretsapo ya mbewa kwa munthu amene anali ndi zogwira kalulu zokhazokha. Sanakalipe. Anangoyang'ana chizindikiro cha pa botolo, n'kundiyang'ana ine, ndipo ndalama ya ulendo wachiwiri inatuluka m'thumba mwanga.

Sinso katundu wopezeka pa shelefu. Mumaoda kwa ma ejenti a makampaniwo ku South Africa, iwo aitanitse kunja, inu mudikire masabata.

Tsopano kuzizira, kumene kuli malonda enieni. Ambiri mwa ma antibody amenewa amasungidwa pa -20°C, ali mu glycerol kuti asaume gwa, ndipo paulendo amayenda m'bokosi la kaylite ndi ma ice pack. Ganizirani basi ija: mzere wa pa Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, kenako kutsitsa katundu yense pa Mwanza. Pofika pamenepo ma ice pack asanduka madzi ofunda. Choipa chake n'choti antibody yoonongeka sinunkha, sisintha mtundu. Mudzangomva pakatha mwezi kuti blot yatuluka mbee. Ine ndimatumiza pa ndege, kuchoka OR Tambo kutera pa Chileka, ndipo nthawi zonse kumayambiriro kwa sabata, chifukwa bokosi lofika Lachisanu madzulo limagona m'nyumba ya katundu mpaka Lolemba. Akakuuzani kuti pafunika dry ice, mpweya wa carbon dioxide wouma ngati ayezi, dziwani kuti a ndege amaiwerengera ngati katundu woopsa, UN1845, ndipo ili ndi mapepala akeake.

Mapepala a MRA akhale m'manja mwa ejenti wanu bokosi lisananyamuke: invoisi, pepala lofotokoza mankhwalawo, ndi kalata ya labu yonena kuti n'za kafukufuku, osati zoyezera odwala. Zoterezi zimagwa pa nambala ya kasitomu HS 3002 kapena 3822, ndiye mugwirizane nambala yake msanga, osati pa kauntala.

Za ndalama ndisachulutse. Mtengo muutchule mu randi kapena dola, dipoziti ibwere kaye. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene analonjeza mtengo wa kwacha anagwira ntchito yaulere.

Bokosi likafika, litsekulireni pamaso pa mwiniwake, akhudze yekha ma ice pack, asaine, kenako athamange nako kabotoloko ku firiji. Pakali pano mulembereni mwanayo atumize nambala ija, ndikuonereni amene ali nayo.