Mayi amene anayambitsa gulu lathu atisiya, tiwakumbukire bwanji?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti mayi amene anayambitsa gulu lawo losamalira zachilengedwe anamwalira, ndipo mamembala sakugwirizana: ena akufuna kumanga chipilala, ena akuti chaka chilichonse pazikhala tsiku lodzala mitengo m'dzina lawo. Akufunsa kuti atsate ziti.

Pepani kwambiri ndi zovutazi. Ine ndikuti dzalani mitengo, koma chaka chikatha muzikawerenga imene yapulumuka, osati imene munadzala.

Ndikunena izi poganizira mayi Wangari Maathai, woteteza zachilengedwe wa ku Kenya. Pa 5 June 1977 iwo ndi amayi anzawo anadzala mitengo 7 mumzinda wa Nairobi, ndipo ndi mmene gulu lodzala mitengo la Green Belt Movement linayambira. Gululi linkapatsa amayi kandalama kochepa pa mbande imene yagwira n'kukhala ndi moyo. Amene wangodzala n'kuiwala sankalandira kanthu. Apa ndi pamene miyambo yambiri yachikumbutso imaphonya. Tsiku lodzala anthu amabwera ambiri, amajambulitsa, amalankhula zabwino za malemu. Nanga wothirira m'chilimwe ndani? Wolambula udzu kuti moto usalowe, woteteza mbande ku ziweto, ndani? Mayina a anthu amenewa alembedwe musanakumbe dzenje ngakhale limodzi.

Za chipilala sindikuletsani, koma ganizirani zimene mayi anuwo akanakonda. Maathai atamwalira pa 25 September 2011, bokosi lawo linapangidwa ndi nsungwi, gumbwa ndi namasupuni, chifukwa sanafune kuti mtengo udulidwe pa maliro awo. Ngati ndalama zanu ndi zochepa, ine ndingazilowetse ku nazale.

Pali china chimene simunafunse koma chikundidetsa nkhawa kwambiri. Woyambitsa gulu amasunga zambiri m'mutu mwake: malire a malo amene mumateteza, mapangano amene anapanga ndi atsogoleri, mwezi wotolera mbewu za mtengo wakutiwakuti, munthu wokamuona pakabuka mkangano. Khalani pansi ndi amene ankayenda nawo, aliyense anene zimene akukumbuka, wina azilemba. Musonkhanitsenso makalata ndi mapepala onse asanabalalike.

Komanso mayi ngati amenewa amakhala ndi chimene ankakana poyera. Mu 1989 Maathai anatsutsa zomanga nyumba yaitali ya nsanjika pafupifupi 60 mu Uhuru Park, malo opumulirako anthu mumzinda wa Nairobi, ndipo mu 1999 anamenyedwa poteteza nkhalango ya Karura. Malo onsewa alipobe. Amene ankaopa mayi anuwo tsopano ayesa kuona ngati gulu lafooka, ndiye pa msonkhano wotsatira sankhani amene azilankhula m'malo mwawo, ndipo akapita kukadandaula kwa akuluakulu asamapite yekha.