Achemwali, za mwana wathu wa ku Israel ndi vesi la Aroma lija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Ndiyankha ndi mawu chifukwa kulemba zonsezi pa foni zala zanga sizingathe, ndiye mmodzi mwa achinyamata pa gulu pano awalembere amene alibe bandulo yomvetserera.

Ndibwereze kaye funso lanu kuti amene sanamve adziwe pamene tikuchokera. Mwati mlaliki wina pa msonkhano wa chitsitsimutso wakuuzani kuti mwana wathu uja ali ku Israel pa ntchito ya kumunda sanapiteko mwangozi, Mulungu anamutuma ngati mmishonale, ndiye aziwalalikira abwana ake achiyuda, popeza Baibulo limati uthenga uyambire kwa Myuda, ndipo akangokhala chete magazi awo adzafunsidwa pa dzanja lake. Tsono inu tulo lasowa, mukufuna kudziwa ngati n'zoona ndiponso choti mumuuze mwanayo.

Vesilo lilipo ndithu, mlalikiyo sanapeke. Ndi Aroma 1:16, pamene Paulo akunena kuti Uthenga Wabwino sumuchititsa manyazi, ndi mphamvu ya Mulungu yopulumutsa aliyense wokhulupirira, kuyambira Myuda, ndiponso Mhelene. Ndipo Paulo ankachitadi zimenezo. Akafika mumzinda ankayamba walunjika ku sunagoge. Ku Antiokeya wa ku Pisidiya anatero, Machitidwe 13. Ku Tesalonika anakambirana nawo Masabata atatu, Machitidwe 17. Ngakhale atafika ku Roma ali mkaidi, patangopita masiku atatu anaitanitsa akuluakulu a Ayuda. Ambuye Yesu mwini potuma khumi ndi awiri aja ulendo woyamba anawauza kuti apite kwa nkhosa zotayika za nyumba ya Israyeli, za mitundu yonse zinadzabwera pambuyo pa kuuka kwake. Ndiye ine monga mkulu wa mpingo sindinganene kuti uthengawu Ayuda sukuwakhudza. Yesu ndi Myuda, amayi ake Myuda, Petro, Yohane, Yakobo, onsewo Ayuda. Ife ndi amene tinabwera mochedwa.

Koma achemwali, taganizani kuti amene ankalowa m'masunagogemo anali yani. Paulo anali wa fuko la Benjamini, Mfarisi, wophunzira pa mapazi a Gamaliyeli. Ku Antiokeya kuja sanalande guwa ayi. Atatha kuwerenga Chilamulo ndi Aneneri, akulu a sunagoge ndi amene anatumiza mawu kuti abale, ngati muli ndi mawu olimbikitsa anthu, nenani. Anali pakati pa abale ake, ankayankhula chinenero chawo, malemba awo ankawadziwa pamtima. Ndipo mu Aroma 9 akunena kuti ali ndi chisoni chachikulu chosatha mumtima, mpaka akanalola kuti iye atembereredwe m'malo mwa abale akewo. Amene akufuna kutsanzira mapazi a Paulo ayambe waona ngati ali ndi misozi imeneyo.

Tsono kwa ife amitundu Paulo analemba zina, zili mu Aroma 11, ndipo mutu umenewu alaliki a pa misonkhano sakonda kuuwerenga. Akuti Israyeli ndi mtengo wa azitona wolimidwa, ife ndife nthambi za mtengo wakutchire zimene anazimezanitsa pamenepo. Inu mumadziwa mango omezanitsa aja tinabzala kumudzi, kamphukira kapamwamba n'kamene kamabereka, koma mukadula tsinde lapansi kamauma tsiku lomwelo. Paulo akuti usadzitame, si iwe ukunyamula muzu, muzu ndi umene ukukunyamula iwe. Akufunsa yekha ngati Mulungu anawataya anthu ake, n'kuyankha kuti msatero ayi. Pa vesi 29 akuti mphatso za Mulungu ndi kuitana kwake sizisinthika. Ndipo ntchito imene akutipatsa amitundufe m'mutu umenewu ndi yodabwitsa, akuti chipulumutso chafika kwa ife kuti Ayuda achite nsanje. Ndiye kuti aone moyo wathu n'kusirira.

Apa m'pamene pali bala, chifukwa kwa zaka mazanamazana Akhristu a ku Ulaya sanawapatse Ayuda chosirira chilichonse. Zakazi ndazilemba pa kapepala kuti ndisasokoneze. Mu 1096, magulu ankhondo ovala mtanda akupita kukalanda Yerusalemu anayamba apha Ayuda m'mizinda ya Worms ndi Mainz ku Germany, ambiri akuuzidwa kuti sankha ubatizo kapena imfa. Mu 1290 England inathamangitsa Ayuda onse. Mu 1492 Spain inalamula kuti Myuda abatizidwe kapena atuluke m'dziko. Ndipo tisanene kuti izo n'za Akatolika, ifenso achiprotestanti tili ndi zathu. Martin Luther mu 1523 analemba mokoma, kukumbutsa anthu kuti Yesu anabadwa Myuda, akuyembekeza kuti Ayuda atembenuka. Ataona kuti sakutembenuka, mu 1543 analemba kuti masunagoge awo atenthedwe, mabuku awo alandidwe, arabi, aphunzitsi awo a chipembedzo, aletsedwe kuphunzitsa. Patapita zaka pafupifupi 400 a chipani cha Nazi cha Hitler ku Germany ankagwiritsa ntchito mawu omwewo, ndipo Ayuda 6 miliyoni anaphedwa pakati pa mayiko odzaza ndi matchalitchi.

Nkhani ya Luther ija imandiopsa kwambiri kuposa zinazo, chifukwa munthuyo anayamba ndi changu chofuna kuwalalikira. Chikondi chake chinali chodikira malipiro, atakana chinasanduka mkwiyo. Ndiye ndikamva mlaliki akutentha ndi nkhani ya Ayuda ndimafuna kudziwa kuti akadzakana, adzawanena chiyani.

Ife kuno mtanda timauona pa tchalitchi pamene tinabatizidwa, pa sukulu ya mishoni, pa chipatala. Abwana a mwana wathuwo mwina agogo awo anathera ku Auschwitz, msasa umene a Nazi ankapherako Ayuda, kapena anathawa ku Poland opanda kanthu m'manja. Kwa iwo kumva kuti landira Yesu kumamveka ngati siya mtundu wako, malizitsa zimene adani aja anazilephera. Mwanayo sanalakwe kanthu, ndi Mmalawi, agogo ake sanathamangitse Myuda aliyense. Koma akatsegula pakamwa ndi dzina la Khristu, katundu ameneyo amakhala ali kale pamutu pake, afune asafune.

N'chifukwa chake mipingo lero sigwirizana pa nkhaniyi. Alamu athu a Katolika pa gulu pano andikonze ngati ndaphonya, koma mu 1965 msonkhano waukulu wa ku Vatican unanena kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse, a nthawi imeneyo kapena a lero. Mu 2015 anatulutsa chikalata china chonena kuti mpingo wawo suyendetsa kapena kuthandiza mishoni yolunjika kwa Ayuda, ngakhale Mkhristu payekha azichitirabe umboni za Yesu modzichepetsa. Mpingo waukulu wa chiprotestanti ku Germany mu 2016 unakananso za mishoni kwa Ayuda. Kumbali inayi, a Southern Baptist ku America mu 1996 anagwirizana zolimbikitsa kulalikira kwa Ayuda, ndipo pali bungwe la Jews for Jesus limene Moishe Rosen analiyambitsa mu 1973, la Ayuda okhulupirira Yesu olalikira Ayuda anzawo. Awa amati kumubisira munthu uthenga chifukwa ndi Myuda ndi tsankho lina. Ine ndimaima pakati koma mopendekera kwa achiwiriwa, sindingathe kufufuta Aroma 10:1 pamene Paulo akupempherera Israyeli kuti apulumuke. Kungoti ndimaona kuti ntchito yolalikira poyera imawayenera kwambiri Ayuda okhulupirira, monga mmene zinaliri ndi Petro ndi Paulo.

Ndikuuzeni china chimene anthu a mpingo wathu ambiri sadziwa. Mpingo wa ku Scotland umene unatsegula Blantyre Mission mu 1876 unayamba kalekale kuganizira Ayuda usanaganize za ife. Mu 1839 unatuma abusa anayi, mwa iwo Robert Murray M'Cheyne ndi Andrew Bonar, kukaona mmene Ayuda ankakhalira ku Palestine ndi ku Ulaya, ndipo mu 1841 mishoni inatsegulidwa ku Budapest, m'dziko la Hungary. Kumeneko kunatuluka anthu ngati Alfred Edersheim, Myuda amene anakhulupirira n'kudzakhala mbusa ndi mlembi wodziwika. Koma amene ine ndimamukumbukira ndi mayi wina, Jane Haining. Anapita ku Budapest mu 1932 kukayang'anira atsikana ogonera pa sukulu ya mishoniyo, ambiri mwa iwo achiyuda. Nkhondo itayamba mpingo unamuitana kuti abwerere kwawo, iye anakana kuwasiya anawo. Mu 1944 a Gestapo, apolisi achinsinsi a Nazi, anamugwira, ndipo umodzi mwa milandu yake unali woti analira chifukwa cha nyenyezi zachikasu zimene anawo ankakakamizidwa kuvala kuti adziwike kuti ndi Ayuda. Anafera ku Auschwitz chaka chomwecho. Mu 1997 a Yad Vashem ku Yerusalemu, amene amasunga chikumbutso cha ophedwa aja, anamulemekeza monga mmodzi wa olungama a mitundu ina. Taonani, Ayuda eni ake kulemekeza mmishonale. Sanamulemekeze chifukwa cha ulaliki.

Tsopano za mwana wathu. Kuyambira pamene gulu loyamba la achinyamata oposa 200 linanyamuka mu Novembala 2023, ana athuwa amapita pa chitupa cha ntchito ya kumunda, osati cha umishonale. Lamulo la ku Israel sililetsa munthu kunena za chikhulupiriro chake. Koma kuyambira 1977 ndi mlandu kupatsa munthu ndalama kapena katundu kuti asinthe chipembedzo, ndiponso ndi mlandu kukopa mwana wosakwana zaka 18. Ndiye ana a abwana ake asawayambe nkhani zimenezi, ngakhale mocheza, ngakhale kuwapatsa kabuku. Kulinso magulu monga Yad L'Achim amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi amishonale. Mnyamata wongofika kumene, Chiheberi sakuchidziwa, ntchito yake ili m'manja mwa munthu mmodzi, ndiye wina ali phee kuno akumutuma kuti akagogode pa khomo la bwana ndi Baibulo. Zikavuta mlalikiyo adzalipira tikiti?

Za magazi pa dzanja zija zili mu Ezekieli 3 ndi 33, ndipo Mulungu ankauza mneneri amene anamuika yekha kukhala mlonda wa anthu a mtundu wake. Kutenga mawu amenewo n'kumuopseza nawo mayi amene mwana wake ali kudziko la nkhondo, ine sindikuona kuti ndi ubusa. Ngakhale atumwi anagawana ntchito, Agalatiya 2, Petro kwa odulidwa, Paulo kwa amitundu. Si aliyense ali ndi maitanidwe ofanana. Amene ali a tonse ndi a pa 1 Petro 3:15, kukhala okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, mofatsa ndi mwaulemu.

Ndiye mumuuze chonchi. Agwire ntchito mokhulupirika, pamene bwana akuona ndi pamene sakuona. Asabise kuti ndi Mkhristu, Baibulo lake likhale poonekera, azipemphera monga amachitira kunyumba. Alemekeze Sabata lawo, limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa, ndi masiku awo opatulika monga Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero. Aziwapempherera abwanawo powatchula dzina. Ndipo azifunsa, safunsa anadya phula. Adzapeza kuti Ayuda si amodzi, ena ndi opemphera kwambiri, ambiri ku sunagoge sapitako n'komwe. Adzapezanso kuti amene amawerenga malemba ali ndi mayankho awo. Ife tikawerenga Yesaya 53 timaona Yesu, iwo aphunzitsi awo monga Rashi anawaphunzitsa kuti mtumiki wovutikayo ndi mtundu wa Israyeli. Adzamufunsa kuti ngati Mesiya anabwera, bwanji malupanga sanasulidwe kukhala makasu monga akunenera Yesaya 2? Limenelo ndi funso lolemera, makamaka kwa munthu amene amathamangira kobisala belu la mabomba likalira. Asapsere mtima, asanamizire kudziwa. Anene chimene Yesu wamuchitira iyeyo, aime pomwepo. Akafunsidwa zambiri, ku Israel kuli mipingo ya Ayuda okhulupirira Yesu imene imapemphera m'Chiheberi, ndi imene ingayankhe bwino kuposa iye.

Komanso asaiwale amene agona naye chipinda chimodzi. M'minda imeneyo mwadzaza anyamata a ku Thailand, ambiri ndi Abuda, alinso kutali ndi kwawo ngati iye. Kuli Amalawi anzake amene ndalama zawazunguza mutu, mapemphero anasiya pa bwalo la ndege. Kulinso Akhristu achiarabu, ku Nazareti ndi ku Betelehemu, abale athu mwa Ambuye amene tikamakweza mbendera ya Israel m'matchalitchi kuno timayankhula ngati kulibe. Za mbenderazo ndi nkhani ya tsiku lina, tingakangane mpaka usiku.

Mwatinso mlalikiyo anapempha kuti mwanayo azitumiza kangachepe kothandizira utumiki wa kwa Ayuda. Mumufunse kuti utumikiwo uli kuti, akuuyendetsa ndani, ndipo ndi Myuda uti amene anakhalapo naye pansi. Asanayankhe zimenezo musatumize kanthu. Mwanayo muuzeni andiimbire Loweruka, paja ndi tsiku limene amapuma, ndiyankhula naye ndekha. Moni kwa alamu.