Kodi Mankhwala a BP Amasungunula Kashiamu wa M'mitsempha?

Adokotala, ndili ndi zaka 63 ndipo ndimamwa mankhwala a BP otchedwa amlodipine. Atandijambula X-ray ya pachifuwa anandiuza kuti mtsempha waukulu wochokera kumtima wayamba kuuma ndi kashiamu. Mwana wanga anawerenga pa intaneti kuti nifedipine anateteza makoswe ku vutoli. Kodi ndipemphe kuti andisinthire? Mayi wa ku Zomba

Mayi, mwana wanu sananame, koma musasinthe mankhwala chifukwa cha nkhaniyi.

Anthu ambiri amaganiza kuti kashiamu amangomatirira mumtsempha ngati zoyera zija zimakakamira m'ketulo. Si choncho kwenikweni. Maselo a minofu ya m'khoma la mtsempha akavutitsidwa zaka zambiri ndi BP, shuga, fodya kapena matenda a impso, amasintha khalidwe n'kuyamba kugwira ntchito ngati maselo oumba mafupa. Mtsempha umene unkatamuka umauma gwa, ndipo nambala yapamwamba ya BP imakwera.

Za makoswezo zinayambira ku Freiburg, m'dziko la Germany. Wasayansi wina dzina lake Albrecht Fleckenstein ndi anzake ankapatsa makoswe vitamini D wochuluka kwambiri pamodzi ndi nikotini wa mufodya, mitsempha n'kudzaza kashiamu m'masiku ochepa. Makoswe amene ankalandiranso mankhwala a BP monga verapamil, diltiazem kapena nifedipine, mitsempha yawo inkatetezeka. Ena anadzayesa njira zina zoumitsira mitsempha ya makoswe: kuchotsa mbali yaikulu ya impso za khoswe, kapena kumupatsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amene amafooketsa puloteni yoteteza mitsempha yodalira vitamini K. Mu 2013 kafukufuku wa mbewa anasonyeza kuti spironolactone, mankhwala okodzetsa amene amatsitsanso BP, naye amachepetsa kuumako.

Apa ndipo pamene ndikufuna mumvetse. Khoswe uja ankapatsidwa mankhwala vuto lisanayambe kapena likungoyamba, ndipo mlingo wake, poyerekeza ndi thupi lake, unali waukulu kuposa umene timapatsa munthu. Kutseka khomo mbala isanalowe n'kosiyana ndi kubweza katundu wobedwa kale. Inu mitsempha yanu yakhala ikusintha mwakachetechete kwa zaka makumi.

Nanga kwa anthu? Mu kafukufuku wa INSIGHT, odwala BP amene anamwa nifedipine kwa zaka 3, kashiamu wa m'mitsempha ya mtima anawonjezeka pang'onopang'ono poyerekeza ndi amene ankamwa mankhwala okodzetsa. Koma wa ACTION, wa odwala mtima, sanapeze phindu limeneli. Palibe piritsi la BP limene latsimikizika kuti limasungunula kashiamu amene wakhazikika kale.

Komanso dziwani kuti amlodipine wanuyo ndi nifedipine ndi pachibale, gulu lawo ndi limodzi, lotchedwa calcium channel blocker. Ndimakumana ndi odwala amene amaopa dzina loti calcium channel blocker, poganiza kuti kashiamu wotsekeredwayo ndiye amaunjikana m'mitsempha. Ayi. Mankhwalawa amangochepetsa kashiamu wolowa m'maselo a minofu kuti mtsempha umasuke.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi sitiroko ndi impso zanu, ndipo apa umboni wa mankhwala a BP mwa anthu ndi wolimba. Imwani tsiku lililonse, ngakhale pamene mukumva bwino, ndipo BP izikhala pansi pa 140/90. Chepetsani mchere m'ndiwo. Mukapitanso kuchipatala, pemphani akuyezeni shuga ndi impso. Spironolactone musamagule nokha ku famase, chifukwa amakweza potaziyamu m'magazi, ndipo kwa munthu wa impso zofooka zimenezi zingathe kuimitsa mtima.